Duwa Lina, Masamba Ena

Kuno kwathu, kunsi kwa phiri la Ntchisi,
Lachitatu masana.

Wokondedwa mwana wanga Dorika,

Ndikulemba ndili m'chigafa, nditakhalira mtondo wovundikira, chifukwa m'nyumbamo mulibe pokhala. Azakhali ako adzaza pabalaza, amayi ako akukazinga mtedza wokwana kudyetsa basi yonse, ndipo aliyense wolowa ali ndi malangizo ake. Ndayesa kawiri kukuitanira pambali, koma pakamwa panga pakungotuluka za nsapato ndi za tikiti. Ndiye ndati bola ndilembe. Kalatayi ndikupatsa pamanja mawa pa siteji, ndipo uiwerenge basi itadutsa mphambano ya ku Dowa, osati isanafike. Ukaiwerenga ndili pafupi undiyang'ana, ndipo maso akowo ndi a amayi ako, sindingawapirire.

Choyamba ndithokoze Mulungu amene wakufikitsa apa. Kuchimuna ndi kuchikazi komwe palibe anapondapo pa koleji, ndipo iwe ukupita ku Zomba kukaphunzira za zomera, zimene anthu kuno amati amazidziwa aliyense wogwira khasu. Ndakondwa moti dzulo pamsika ndinapatsa moni munthu mmodzi kawiri. Koma m'chimwemwe changachi muli kamunga. Masabata awiri apitawo abusa atabwera kudzakupempherera, anakufunsa chimene chinakukopa kuti usankhe maphunziro amenewa. Iwe unaloza kalata ija ya ku Zomba ili mu felemu pakhoma n'kunena kuti, "Ndikufuna ndikatsegule kabati ndi manja angawa, ndikaone duwa la abambo." Anthu anaomba m'manja. Ine ndinaseka nawo, koma tiyi wanga anazizira m'kapu.

Dorika, duwa la abambo kulibe. Eya, ndalemba, ndipo dzanja silinathyoke. Tsopano ndikufotokozere pang'onopang'ono, chifukwa ndikafulumira ndisiyako zina. Ndimadzidziwa.

Ukuchidziwa chiyangoyango chija chimafiiritsa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje nyengo ino, tchire lonse litauma, chimene ndinkakuuzani kuti ndi mbale wake wa duwa langa. Chikamera pamtetete chimangokhala chitsamba chofika m'chiuno, chopanda ulemu, mbuzi n'kumachidutsa osachiyang'ana. Koma chikapeza mtengo pafupi chimatulutsa nthambi zazitali n'kuyamba ulendo wa kumwamba. Chilibe tizingwe topota ngati dzungu ayi. Tsamba lake likagwa kaphesi kamatsalira, kamauma n'kusanduka munga, ndipo ndi minga imeneyo chimakowa nthambi za mnzake mpaka kukatulukira pamwamba penipeni. Maluwa ake ndi ang'onoang'ono koma amathithikana pa nthambi, onse ataloza kumwamba, lililonse lili ndi tindevu tofiira totalika kuposa duwa lenilenilo. Uli wamng'ono unkalimbirana timadzi take totsekemera ndi timbalame ta milomo yaitali tija, n'kubwera kunyumba mphuno ili psuu. Maluwa akatha kumabwera zipatso za mapiko anayi opyapyala ngati pepala, zimene mphepo imazinyamula. Zonsezi ukuzidziwa. Koma gwira ichi: chimachita maluwa chitayoyola masamba. Pa nthambi ya maluwa sipakhala tsamba, mwina tiwiri tongophukira kumene. Tchimo langa lagona pamenepo.

Kulakwa kwanga kunayamba Loweruka lina, ndili mnyamata wongolembedwa kumene ntchito ya ulonda wa nkhalango, ufulu utangobwera. Ndinali ndi yunifolomu, jombo, ndi Chingerezi cha JC chimene ndinkachinyadira kuposa zonsezo. Mnzanga pantchito anali a Sandalamu, munthu wachikulire wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake, koma wodziwa mtengo uliwonse pongonunkhiza khungwa. Kunabwera lamulo lakuti alondafe tizitola zomera zimene zachita maluwa, tiziziumitsa pakati pa nyuzipepala ndi matabwa awiri, tizilemba pamene tazipeza, n'kumatumiza ku Zomba kumene amazisunga m'makabati. Lamulolo linati chomera chilichonse chikhale ndi duwa ndi tsamba lomwe. Tsikulo tinapeza mkuyu waukulu m'mbali mwa mtsinje, pamwamba pake pali piriwiri. Ndinadula ngowe yaitali n'kukowa nthambi ya maluwa. Inatsika yopanda tsamba ngakhale limodzi. Ndinayang'ananso m'mwamba, ndinaona masamba onyezimira atazungulira maluwawo, ndinakwezanso ngowe.

A Sandalamu anati, "Aphwanga, tsatani chingwecho ndi dzanja mpaka pansi. M'mwambamo mumakhala anthu ambiri."

Ine ndinati, "A Sandalamu, izi ndi za sayansi, si zofuna mankhwala a m'mimba."

Iwo anangoti, "Chabwino, a sayansi," n'kukhala pamwala, n'kutulutsa fodya wawo wamphuno.

Kunena zoona ndinkathamangira kwaya. Kunali mtsikana wina woimba kutsogolo amene ndinkafuna andione ndili mu yunifolomu, ndipo mtsikanayo ndi amene akukazinga mtedzayu. Masamba anatsika, awiriawiri moyang'anizana, pamodzi ndi kachingwe kopota. Nditathyola limodzi panatuluka utomoni woyera ngati mkaka, womata zala. Ndinalemba zonsezo m'Chingerezi chokongola, ndinaika duwa ndi masamba pa pepala limodzi, ndinamanga matabwa, ulendo ku kwaya. Mwana wanga, ukaima pansi pa mtengo uli ndi ngowe m'manja, ukumbukire bambo ako. Chimene chili pafupi ndi duwa si ndiye kuti ndi cha duwalo. Tsata chingwe mpaka pansi. Zingwe zikakhala zisanu, tsata zisanu zonsezo, ngakhale dzuwa likulowere.

Patapita miyezi iwiri kunabwera kalata ija, yotayipa, ya chidindo. Inati maluwawo mtundu wake akuudziwa, koma masamba a utomoni woyera ndi kachingwe kopota sizikugwirizana ndi chilichonse chimene ali nacho. Inati pepalalo alisunga padera, pa dzina langa ndi nambala yanga, ndipo nditumizenso china chokhala ndi zipatso. Bwana wathu anaiwerenga mokweza pamaso pa alonda onse, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Tsiku limenelo jombo zanga sizinkagunda pansi. M'mawa mwake ndinapita ku mkuyu uja ndi a Sandalamu. Mvula yoyamba inali itagwa, chiyangoyango chili ndi zipatso zake za mapiko ndi masamba ake enieni, osanyezimira kwenikweni. Ndinathyola limodzi. Utomoni panalibe. Ndinathyola lachiwiri. Panalibe. Apo m'pamene ndinagwira chingwe ndi dzanja, ndinakwawa nacho m'zitsamba, minga ikundikala m'khosi, mpaka pa tsinde. Ndinabwerera, ndinagwira cha masamba onyezimira, ndinatsata. Chinakathera kwina, mapazi khumi kuchokera pa chinzake. Unali mpira wamba wa m'nkhalango, uja tinkaukamula utomoni tili ana n'kumaumba mpira wosewerera.

A Sandalamu ali pamwala pawo paja anafunsa kuti, "Mwapeza angati, a sayansi?"

Ndinati, "Awiri."

Iwo anati, "Eya. Akhala limodzi mumtengomo kuyambira ine ndili mnyamata, koma ukwati wokha sanamange. Mwawamangitsa ndinu."

Kufikira pamenepo kunali kupusa chabe, ndipo kupusa Mulungu amakuseka n'kukukhululukira. Chimene ndinachita madzulo ake ndicho tchimo. Ndinakhala pa tebulo ndi pepala kuti ndivomere. Ndinakumbuka manja awiri a bwana aja, ndinakumbuka alonda anzanga amene anali atayamba kundivulira chipewa mwanthabwala, ndipo cholembera chinalemba chokha kuti moto wolusa unadutsa pamalopo, chomeracho chinapsa, ndafunafuna china sindinachipeze. Mizere itatu basi. Yankho silinabwere, nkhani inathera pomwepo. A Sandalamu sanaulule kwa munthu mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Ankangoti ndikayamba kukamba za duwa langa pagulu, iwo n'kutsokomola kamodzi, pang'ono chabe. Mpaka lero ndikamalalikira wina n'kutsokomola m'tchalitchi, ndimaima n'kuyang'ananso mawu amene ndangonena. Dorika, ukalakwitsa, uvomere tsiku lomwelo. Pa tsiku loyamba kulakwa kumakhala kwa mizere itatu. Kwanga kwakula nawe limodzi, ndipo lero kukutenga mapepala onsewa.

Sindinalekere pomwepo. Pamene ndinkafunsira amayi ako, amalume awo anali ndi munthu wawo kale, mlimi wa fodya wa cha ku Madisi, wa ngolo ndi ng'ombe zinayi. Ine ndinali ndi njinga yopanda mabuleki. Ndiye tsiku lokaonekera ndinatenga kalata ija m'thumba la malaya. Amalumewo anaitembenuza uku ndi uku, anasisita chidindo ndi chala, n'kunena kuti, "Tatiuzani, mwana wa sukulu, boma likuti chiyani?" Ndinamasulira, koma ndinathiramo mchere wambiri. Ndinati boma likuti munthu uyu wapeza chimene ngakhale azungu anachilephera. Amalume anayang'ana anzawo n'kuti, "Ng'ombe zimafa ndi chigodola, koma uyu dzina lake lili m'kabati ya boma." Wa ngolo uja anabwerera ku Madisi. Ndimakumana naye pa misonkhano ya mpingo, wanenepa bwino, ndipo ndimamupatsa moni waulemu woposa muyeso. Pamenepa langizo langa ndi lakuti anyamata a pa koleji adzabwera ndi makalata awo a zidindo, ena m'manja, ena pakamwa. Uziwerenga wekha. Usalole mwini kalata akumasulire.

Koma chimene chimandiluma kwambiri ndinachita kwa iwe. Unali Sitandade 3. Tsiku lina unabwera kuchokera kumtsinje utanyamula nthambi za chiyangoyango chija, zala zako zili zobiriwira, unali utathyola masamba ambirimbiri. Unati, "Abambo, ndathyola onsewa koma mkaka sukutuluka. Ndiye lanu lija linkatulutsa bwanji? Kapena munasokoneza ndi mpira?" Ndinali ndikumeta ndevu, ndipo chipsera chili pachibwanochi ndi cha tsiku limenelo. Ndinakuyankha kuti ichi ndi mbale wake chabe, langa linali lina, linapsa. Unandiyang'ana kanthawi, kenaka unati, "Pepani abambo," ngati wandikumbutsa maliro. Kamwana ka zaka zisanu ndi zinayi kanaona ndi zala zake chimene ine ndinabisa, ndipo ine ndinakaphunzitsa kukayikira zala zakezo. Pa zonse ndi ichi chimene ndapempherera nthawi yaitali. Mwana wanga, unkanena zoona. Maso ako ndi zala zako zikakuuza chinthu, munthu wamkulu n'kukuuza china, ukhale ndi ulemu, ugwade ngati n'kofunika, koma ubwerere kumtsinje ukathyolenso tsamba.

Ndiye abusa aja atapita sindinapeze mtendere. Ndinaona iwe utaima m'chipinda cha makabati, aphunzitsi ako ali pambali, ukunena monyadira kuti ndiwe mwana wa uje. Anthu ophunzira ngati amenewo mwina anazindikira kalekale, mwina pa pepala langa wina analembapo kale mawu ofiira, mwina amalionetsa kwa ophunzira atsopano kuti aziseka. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti sindikufuna ukamve kwa alendo. Lachinayi lotsatira ndinavala jombo zakale zija, ngowe ndinaisiya, ndinapita ku mkuyu uja. Ulipobe, ndipo awiri aja akadali m'mwambamo. Ndinakwawa ngati kale, kungoti tsopano mawondo amalankhula. Ndinatsata chingwe chilichonse kuchokera pa tsinde, ndinadula nthambi ya maluwa yokhala ndi timasamba take tongophukira, ndinadulanso mpira ndi kachingwe kake, chilichonse pachokha.

Amayi ako anandipeza m'chigafa muno ndikuyala nyuzipepala. Asanafunse kanthu anandilanda tsamba la nyuzipepala limene ndinali nditagwira. Linali lokhala ndi chithunzi chachikulu chija cha mtsogoleri wa dziko, ndipo ine ndinali pafupi kugonekapo nthambi ya utomoni. Ananong'ona kuti, "Abambo a Dorika, mukufuna mukaume inuyo kundende ya ku Dzaleka m'malo mwa masambawa?" Ndime ino usaionetse munthu, koma uisunge mumtima, pakuti ntchito yakoyo ndi ya nyuzipepala tsiku ndi tsiku. Uziyang'ana mbali zonse ziwiri za tsamba usanaikepo chomera. Masamba a zithunzi uziwapinda bwino n'kuwasunga pamalo aulemu, uzigwiritsa ntchito a mpira wamiyendo ndi a malonda. Khadi la chipani lisachoke m'chikwama chako, ndaliika m'kathumba ka mkati. M'chipinda chogona mukamacheza, nkhani zina zimatsika zokongola ngati nthambi ya maluwa, koma sudziwa tsinde lake lili kwa yani. Iwe uzikamba za masamba a mitengo. Palibe anatengedwapo chifukwa cha masamba. Ndipo popita kutchire uzimanga chitenje chokhuthala pamwamba pa diresi, chifukwa thalauza salola, ndipo minga sidziwa lamulo.

Nditawauza amayi ako zonse, kuyambira pa ngowe mpaka pa amalume awo, ndinkayembekeza misozi. Koma iwo anayamba kuseka, anaseka mpaka anakhala pansi m'fumbi. Anati, "Ndiye zaka zonsezi Loweruka lililonse ndakhala ndikupukuta fumbi pa bodza?" Ndinati ndi momwemo. Ndinafunsa ngati akudandaula za wa ngolo uja. Anati, "Inu, Chingerezicho ndinkachimva ine? Ndinkayesa ndi kalata yokukwezani pantchito. Ine ndinakulolani chifukwa cha bezi yanu ija ya ku kwaya, yophonya koma yolimba mtima." Kenaka anapukuta m'maso, nkhope inasintha, anati, "Koma mwanayo mumuuze nokha. Wanyamula nkhani imeneyi ngati kamba wa paulendo." Abusa ndikawauza iwe utapita, pakuti duwa limeneli ndalilalikirapo kangapo pa guwa, ndipo akulu anzanga a mpingo adzakhala ndi choseka mpaka Khirisimasi. Ndayamba ndi iwe chifukwa ndiwe amene ndinakulakwira koposa.

Mantha anga enieni ndi awa, Dorika. Ndikuopa kuti unena mumtima kuti, ngati duwa lija kulibe, ndiye ndikupitiranji? Tamvera. Kalata ya pakhoma sinakuphunzitse kuwerenga mapiko a zipatso. Sinakutume kudzaza makope ako a masamu ndi masamba ouma mpaka aphunzitsi kundiitanitsa. Sindiyo inkakudzutsa m'mamawa kukaona ngati maluwa a maungu atseguka. Zimenezo anaika mwa iwe ndi Mulungu, ndipo Iye sanasokoneze tsamba ndi duwa. Ine ndinangokhala chikwangwani cholembedwa molakwika chimene chinaloza njira yolondola. Usabwerere chifukwa cha chikwangwani. Uzipemphera m'mawa usanatsegule buku, upeze mpingo sabata yoyamba yomweyo, uzidya ngakhale ndiwo zikhale zosakoma, ndipo malungo ukawamva usadikire kuti aone ngati uli wolimba. Ndikubwerezanso, tsata chingwe mpaka pansi, m'nkhalango ndi m'kalasi momwe.

Pansi pa sutikesi yako, kunsi kwa bulangete, upeza makatoni awiri omangidwa ndi luzi. Usakhalire sutikesiyo m'basi. Mkatimo muli mapepala awiri, lina la chiyangoyango, lina la mpira, ndipo lililonse lili ndi malo, tsiku ndi dzina langa. Pakati pawo ndaikapo kakalata ka Chingerezi kopita kwa woyang'anira makabati. Ndalembamo nambala yakale ija, ndanena kuti pepala lija ndi zomera ziwiri, kuti moto sunadutsepo, ndi kuti wonama ndinali ine. Zipatso ndidzatumiza mvula ikagwa, monga anandipempha, ngakhale ndachedwa pang'ono.

Sindikukukakamiza. Ndiwe wachilendo kumeneko, ndipo si chinthu chopepuka kuti mtsikana wa chaka choyamba agogode pa ofesi n'kunena kuti, ndabweretsa bodza la bambo anga. Ukaona kuti zikuchititsa manyazi, dikira chaka, dikira ziwiri, kapena ukapereke kwa mlembi osatchula kuti ndiwe yani. Ukakwiya nane, kwiya, uli ndi chifukwa, koma ukwiye polemba kalata, usakwiye pokhala chete, chifukwa amayi ako adzandithamangitsira m'chigafa muno mpaka kalekale.

Koma ukadzapereka, ndili ndi pempho limodzi. Ukawafunse dzina lake lenileni la chiyangoyango chimenechi, lija la m'mabuku. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzitcha mwini wake, koma ngakhale dzina lake sindilidziwa. Udzandilembere ndi zilembo zikuluzikulu, pakuti maso ayamba kuchita chifunga, ndipo pansi pake udzalembe m'Chichewa mmene amalitchulira, pang'onopang'ono, kuti ndikamadzauza akulu a mpingo ndisadzachite manyazi kawiri.

Akundiitana kuti ndikagwire nkhuku. Ambuye akutsogolere, mwana wanga, akusunge popita ndi pobwera.

Ndine bambo ako wokukonda,
Yotamu